Thyolo m'Zithunzi Zakale: Malo, Tiyi ndi Anthu Osalembedwa Mayina

Zithunzi zambiri zakale za Thyolo zili ndi dzina lakuti Cholo kuseri kwake. Umu ndi mmene azungu ankalembera dzina la malowa pa nthawi ya atsamunda, ndipo kalembedwe kakuti Thyolo kanakhazikika dziko litalandira kale ufulu, m'zaka zomwe Mlanje anayamba kulembedwa Mulanje, Port Herald n'kukhala Nsanje. Liwu limodzi lokhali limauza munthu msinkhu wa chithunzi chimene wagwira. Thyolo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Blantyre, m'mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Boma lonse kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,715, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu 721,456. Tauni ya pa boma ndi yaing'ono, yopanikizika pakati pa minda ya tiyi, ndipo chimene chinaipanikiza chotero chimaoneka bwino m'zithunzi kuposa m'mabuku ambiri.

Zithunzizi n'zomwazikana. Zina zili ku laibulale ya Society of Malawi, m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ya Mandala ku Blantyre, nyumba imene inamangidwa mu 1882. Zina zili ku National Archives ku Zomba, zina m'mabuku ndi m'manyuzipepala a mishoni, zina zinapachikidwa pa makoma a maofesi a maesiteti. Zochuluka ndithu zinawoloka nyanja m'masutikesi a mabanja a azungu amene anabwerera kwawo. Kufunika kwake kumakula munthu akakumbukira kuti mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba n'kupsereza makalata ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Pa nkhani zina za nthawi imeneyo, chithunzi ndiye mboni yokhayo imene inatsala.

Koma mboni imeneyi ili ndi mbali imene inaima. Kamera chinali chida cha anthu ochepa. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira mu 1858, ndi mmodzi mwa anthu oyamba kujambula zithunzi m'chigawo chino cha Africa, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake ogwira kamera anali amishoni, akuluakulu a boma ndi eni minda. Mmalawi woyamba kutchuka pa lusoli anali Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, amene zithunzi zake za John Chilembwe ndi banja lake zikudziwika mpaka lero. Chisuse ankajambula anthu akuda atavala mwa kufuna kwawo, atakhala mwaulemu wawo. Zithunzi za ku minda ya Cholo n'zamtundu wina. Wojambula kawirikawiri anali mwini munda kapena mlendo wake, ndipo chimene ankafuna kuonetsa abale ake ndi eni kampani ku London kapena ku Edinburgh chinali chakuti tchire lagonja, mbewu yamera, fakitale yaima. Kuseri kwa chithunzi chotere kumapezeka dzina la bwana, la dona, la esiteti ndi chaka. Anthu ambirimbiri amene andanda kumbuyoko amangotchedwa antchito. Wophunzira mbiri ayenera kuzolowera kuyang'ana kumbuyo ndi m'mphepete mwa chithunzi, kumene wojambula sanaikeko mtima, chifukwa n'kumene kuli eni dziko. Asafulumirenso kumasulira nkhope zouma za anthuwo. Makamera akale ankafuna kuti munthu aime duu kwa kanthawi, osagwedezeka, choncho pafupifupi aliyense, mzungu ndi wakuda yemwe, amaoneka ngati wakwiya.

Mbiri ya Thyolo inayamba kalekale kamera isanafike. Dera lino linali la Amang'anja, anthu olima mapira ndi thonje, osula makasu ndi owomba nsalu. M'zaka za m'ma 1800 linasautsidwa ndi malonda a akapolo, kenako nkhondo za Angoni a Maseko, amene anawoloka Shire mu 1884 n'kusakaza midzi ya ku mapiri kuno. Anthu ambiri anathawira pamwamba pa mapiri ndi m'malo ovuta kufikako. Azungu oyamba anapeza dziko lili chomwecho, ndipo zithunzi zawo zoyambirira zimasonyeza udzu wautali, mitengo ya masuku ndi zigwa zopanda nyumba. Apa m'pamene chithunzi chimanyenga kwambiri. Tsala limaoneka ngati tchire, msitu wa manda umaoneka ngati nkhalango wamba, ndipo malire a mafumu sajambulika. Malo amene kamera inawaona opanda munthu anali ndi eni ake. Chimodzi mwa zizindikiro za nthawi yakaleyo chimene chikadalipo ndi Mwalawanthunzi, mwala wa m'mbali mwa msewu wa ku Thyolo, umene apaulendo ankauchitira mwambo popempha kuyenda bwino.

Mu 1891 dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anayamba kuunika malo amene azungu ankati anagula kwa mafumu. Kuyambira mu 1892 anapereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zimene zinasandutsa malo ogulidwa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi zina zotero kukhala a azungu mpaka kalekale. Malo onse operekedwa motero anali pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse a dziko lonse, ndipo m'mapiri a Shire anali nthaka yabwino koposa. Mmodzi mwa amene anatenga malo aakulu anali Eugene Sharrer, amene minda yake inadzakhala m'manja mwa British Central Africa Company mu 1902. Kampani imeneyi ndiyo inali mwini wa dera lalikulu la Cholo. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Mawuwa anali abwino pa pepala, koma mlimi wa nthawi imeneyo ankasamutsa munda nthaka ikaguga, ndipo akangosuntha ankapezeka kuti wakhala mlendo pa malo a bwana.

Mbewu yoyamba ya azungu sinali tiyi. Inali khofi, amene anachita bwino m'zaka za m'ma 1890 n'kugwa chakumayambiriro kwa m'ma 1900 chifukwa cha matenda, chilala ndi kutsika kwa mitengo pa msika wa dziko lapansi, pomwe khofi wa ku Brazil anasefukira. Pambuyo pake kunabwera thonje ndi fodya. Zithunzi za nyengo imeneyi zimadziwika ndi mayendedwe. Mumaoneka mizere ya amtengatenga atasenza katundu pamutu, ndi machila, mzungu atagona m'nsalu yomangidwa ku nsungwi, anyamata akumunyamula mosinthanasinthana. Zinthu zinasintha mu 1908 pamene njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, kudzera ku Chiromo, Thekerani, Sandama, Khonjeni ndi Luchenza. Tauni ya Luchenza inabadwa ndi siteshoni ya njanjiyi. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha, ndipo bokosi la tiyi lokwezedwa pa Luchenza linkatha kufika ku doko la Beira osatsitsidwa pa mtsinje.

Tiyi anayesedwa koyamba pa mishoni ya Blantyre mu 1878, ndi wosamalira dimba Jonathan Duncan, koma sanapirire. Kulima kwenikweni kunayambira ku Mulanje, kumene Henry Brown anabzala pa Thornwood mu 1891. Ku Cholo tiyi woyamba anabzalidwa pa Bandanga mu 1908, koma kwa zaka zambiri eni minda ankadalirabe fodya, poganiza kuti mvula ya kuno ndi yochepa poyerekeza ndi ya ku Mulanje. Mtengo wa fodya utagwa chakumapeto kwa m'ma 1920, ambiri anatembenukira ku tiyi, ndipo anapeza kuti chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ya m'miyezi yozizira, chimasunga mitengo mpaka dzinja. Maclean Kay, wa ku Scotland, amene anayamba walimapo raba ku Malaya, anatsegula Satemwa mu 1923. Malcolm Barrow anakulitsa Naming'omba. Mtaliyana wotchedwa Conforzi anakhala mmodzi mwa alimi aakulu a fodya, tiyi ndi tung, mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inachititsa kuti Ataliyana atsekeredwe ngati adani, chuma chawo n'kugwiridwa ndi boma kwa kanthawi. Mu 1933 akatswiri Storey ndi Leach anapeza kuti matenda ochititsa masamba a tiyi kukhala achikasu ankabwera chifukwa cha kuchepa kwa salufa m'nthaka, ndipo kudziwa zimenezi kunapulumutsa minda yambiri. Chaka chomwecho mayiko olima tiyi wambiri, India, Ceylon ndi Dutch East Indies, anagwirizana zochepetsa tiyi wotumiza kunja, mitengo n'kukwera. Zaka za m'ma 1930 ndizo zinapatsa Thyolo nkhope imene ali nayo lero.

Zithunzi za zaka zimenezi zikaikidwa motsatana zimakhala ngati kalendala. Choyamba chimasonyeza mitengo yogwetsedwa ndi zitsa zikufuka utsi. Chotsatira chimasonyeza nazale yofoleredwa ndi udzu, kenako mizere ya timitengo tofika m'bondo pa nthaka yoonekera, kenako munda wotsekana, wosalala pamwamba ngati mphasa. Mtengo wa tiyi ukausiya umatalika ngati mtengo wina uliwonse. Kusalalako ndi ntchito ya manja a odulira ndi othyola. Umakhalanso zaka zambiri, kotero kuti mitengo ina yobzalidwa m'ma 1920 ikuthyoledwabe. M'zithunzi zakale minda imakhala ndi mitengo yamthunzi yobzalidwa pakati pa tiyi, imene pambuyo pake inadulidwa m'minda yambiri, ndipo kupezeka kapena kusapezeka kwake kumathandiza kuyerekeza chaka. Pa zitunda pamaoneka bulugama, wobzalidwa kuti apereke nkhuni zoumitsira tiyi m'fakitale. Palinso tung, mtengo wa njere zamafuta opangira penti, umene unalimidwa kwambiri m'ma 1940 ndipo ndiwo unayambitsa malo ofufuzira za ulimi pa Bvumbwe. Lero tung anazimirira, m'malo mwake muli makademiya ndi khofi.

Chithunzi chofala kuposa zonse ndi cha othyola tiyi. Anthu andanda m'mizere, madengu ali pamsana, manja ali pa nsonga za mitengo, kuthyola masamba awiri ndi kansonga. Chapambali paima kapitawo, amene amadziwika ndi jekete, chipewa kapena ndodo. Patsogolo pali mzungu wovala zoyera ndi chisoti chotchinga dzuwa. Chithunzichi chinakondedwa kwambiri, moti munda wa tiyi unaikidwa pa masitampu a Nyasaland a 1945. Woyang'anitsitsa amaona zimene wojambula sanafune kunena. Mapazi alibe nsapato. Ena afunda chiguduli pofuna kudziteteza ku mame ndi ku nthambi zokala. Pakati pa akuluakulu pali ana, ena aang'ono kwambiri, pakuti ntchito ya ana inali yofala m'minda ya tiyi ya atsamunda, makamaka pa kupalira ndi kuthyola. Wolemba mbiri Robin Palmer, amene anafufuza za ntchito m'minda ya tiyi ya Nyasaland pakati pa 1930 ndi 1953, anasonyeza kuti malipiro anali otsika, nyumba zosalongosoka, ndipo eni minda ankadandaula chaka ndi chaka za kusowa kwa antchito. Gwero la kusowako n'losavuta kulimvetsa. Tiyi amaphuka kwambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo, nyengo yomweyo imene munthu ayenera kubzala, kupalira ndi kubandira m'munda mwake. Bwana ndi chimanga ankalimbirana manja amodzimodzi.

Njira imene eni minda anapezera manjawo ndi thangata, ndipo thangata sajambulika. Liwuli poyamba linali labwino, lonena za kuthandizana pa ntchito pakati pa anansi kapena kuthandiza mfumu. Pa esiteti linasanduka ntchito yokakamiza, yolipirira malo amene munthu wamangapo nyumba. Mwamuna ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, ndipo mwezi unkawerengedwa pa tikiti. Tsiku linkachongedwa pokhapokha ndime itatha, kotero kuti mwezi umodzi unkatha kutenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Wokana ankathamangitsidwa. Nkhanza za mtundu umenewu pa minda ya Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Lamulo la 1928 linalola kuti lendi iperekedwe ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, koma linapatsanso eni minda mphamvu yochotsa mabanja okwana gawo limodzi pa magawo 10 pa zaka zisanu zilizonse. Pofika m'ma 1940, anthu oposa theka la anthu onse a m'boma la Cholo ankakhala pa malo a maesiteti. Chapafupi kwambiri chimene kamera inafika pa nkhaniyi ndi zithunzi za pa sikelo ndi za tsiku la malipiro: tebulo panja, kalaliki ali ndi buku, mzere wa anthu atagwira timapepala m'manja. Kapepala kameneko ndiye tikiti, ndipo m'chithunzi chonsecho mulibe chinthu china cholemera kuposa iko.

Ambiri mwa anthu a m'mizeremo anali Alomwe. Kuyambira cha m'ma 1900 anayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Kalembera wa 1921 anapeza Alomwe pafupifupi 120,000 m'dziko lonse, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Popeza anali obwera, mawu aja oteteza midzi yakale sankawakhudza, ndipo eni minda anawalandira ndi manja awiri chifukwa sakanatha kukana thangata. Kuseri kwa zithunzi zakale amalembedwa kuti Anguru, dzina limene iwo ankaliona lachipongwe. Lewis Mataka Bandawe ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Alomwe mu 1943, ndipo analimbikira mpaka boma linasiya kugwiritsa ntchito dzinalo. Wosunga zithunzi lero sayenera kufufuta mawu akalewo, chifukwa nawonso ndi umboni, koma ayenera kulemba dzina loyenera pambali pake. Thyolo wa lero, wa Amang'anja, Alomwe, Angoni a kwa Bvumbwe ndi Ayao, anaumbidwa pa nthawi imeneyi.

Zithunzi za mishoni zimasiyanako pang'ono. Malo a Malamulo, pafupi ndi Makwasa, anayamba ngati mishoni ya Plainfield, yokhazikitsidwa ndi Joseph Booth, ndipo mpingo wa Seventh-day Adventist unawagula mu 1902. Mtsogoleri woyamba wa mpingowu pamalopo anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, amene anabwera ndi banja lake. Mwana wake Mabel ankaphunzitsa sukulu. Dzina lakuti Malamulo linaperekedwa mu 1907, ndipo m'ma 1920 pamalopa panayamba ntchito yochiza khate imene inatchuka kutali. Amishoni nawo ankajambula ndi cholinga, chofuna kukopa opereka ndalama kwawo, n'chifukwa chake amakonda kuonetsa odwala asanachire ndi atachira, kapena ana a sukulu atafola mwadongosolo. Komabe m'zithunzi zawo anthu akuda ena amatchulidwa mayina, monga aphunzitsi ndi abusa a banja la Malinki. Pamene dzina lilipo, mbiri imatha kulondoledwa mpaka kwa zidzukulu.

Tauni ya pa boma imaoneka mwa apo ndi apo, chifukwa ojambula sankaiona ngati chinthu chokongola. Zimene zimapezeka ndi ofesi ya DC, mbendera ili pamtengo ndipo amesenjala ovala yunifomu aima pakhomo, positi ofesi, bwalo la milandu, kalabu ya azungu ndi bwalo lake la gofu, ndiponso mzere wa masitolo a amwenye, a khonde lalitali, atelala atakhala pakhondepo ndi makina awo. Masitolowa anasintha eni m'ma 1970, pamene boma la Dr. Banda linalamula amalonda achimwenye kuchoka kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu. Poyerekeza zithunzi za tauniyi za zaka zosiyanasiyana, chodabwitsa n'chakuti malire ake sanasunthe kwenikweni. Nyumba zawonjezeka, anthu achuluka, koma tiyi akuyambira pomwe ankayambira.

Chaka chachikulu m'mbiri ya Cholo ndi 1953, ndipo n'chaka chimene zithunzi za m'maalubamu a eni minda sizinenapo zambiri. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams anali atafufuza nkhani ya malo n'kulangiza boma kuti ligule malo osalimidwa a maesiteti ndi kuthetsa thangata, koma ntchitoyo inkayenda pang'onopang'ono. British Central Africa Company inkaumiriza lendi ndi kuopseza ochedwa kulipira kuti iwachotsa. Alangizi a boma ankakakamiza malamulo a malimidwe, olephera n'kumalipitsidwa chindapusa. Pamwamba pa izi panabwera Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu anachikana koma chinakhazikitsidwa chaka chomwecho. Malcolm Barrow wa ku Naming'omba anakhala nduna m'boma lake. Moto unabuka mu Ogasiti, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, pamene eni munda anagwira anthu awiri powaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera inawanda yakuti anthuwo aphedwa mwa chifwamba, khamu linasonkhana, ndipo m'masiku otsatira misewu inatsekedwa ndi mitengo, mawaya a telefoni anadulidwa, antchito anasiya ntchito. Zipolowe zinafalikira m'maboma oyandikana nawo. Pamene zinkatha, anthu akuda 11 anali ataphedwa. Malalanje anali poyambira chabe. Mlandu weniweni unali wa malo. Pambuyo pake boma linafulumiza kugula malo a makampani, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Nkhope za amene anafa chaka chimenecho ndizo zoyamba zimene wofufuza aliyense wa mbiri ya Thyolo ayenera kuzifunafuna m'mabanja.

Ufulu wa pa 6 Julayi 1964 unasintha mbendera ya pa boma, koma minda ya tiyi inakhalabe m'manja mwa makampani. Mu 1967 boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority kuti alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo ndi Mulanje nawonso alime tiyi, ndipo kuyambira pamenepo m'zithunzi mumayamba kuoneka mlimi ataima m'munda wa tiyi wakewake. Kusintha kwakukulu kunali kwakuti kamera inafika m'manja mwa eni dziko. Ojambula oyenda pa njinga ankafika pa ukwati, pa ubatizo, pa mpira wa esiteti ndi pa tsiku la malipiro, ndipo m'matauni munatsegulidwa masitudiyo okhala ndi nsalu yojambulidwa maluwa kapena mzinda kumbuyo. Munthu yemwe uja amene m'chithunzi cha bwana anali kadontho pakati pa masamba tsopano akuoneka atavala suti, atagwira wailesi, kapena ataima pambali pa njinga yatsopano. Ena anatumiza zithunzi kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury kumene anapita kukagwira ntchito. Zithunzi zoterezi zili ndi zizindikiro zake za chaka. Ndalama ya kwacha inayamba mu 1971, choncho mtengo wolembedwa m'mapaundi ndi mashiling'i pa khoma la sitolo ndi wa chisanafike chaka chimenecho. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linakhalapo pafupifupi zaka 20. Nsalu ya chipani, baji ya pachifuwa ndi yunifomu ya apayoniya zimalozanso nyengo yake. Zithunzi za malole odzaza nthochi za ku Thekerani ndi Masambanjati nazo zasanduka zakale, chifukwa matenda a chisaka anawononga nthochi zambiri za m'bomali.

Phiri la Thyolo limaoneka kumbuyo kwa zithunzi zambiri, ngakhale zimene wojambula ankafuna chinthu china, ndipo mwa njira imeneyi linajambulidwa chaka ndi chaka mosakonzekera. Nkhalango yake inatetezedwa ndi lamulo mu 1924. Inali nkhalango yowirira, yamitengo italiitali, kwawo kwa mbalame yosowa imene akatswiri anaitcha Cholo alethe potengera dzina la malowa. M'zithunzi zakuda ndi zoyera phirili limaoneka lakuda bii mpaka pamwamba. M'zithunzi za chakumapeto kwa m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 mdimawo ukunka nuchepa, ndipo lero mbali yaikulu ndi minda ya chimanga, kupatula kachigawo kamene kanatsala m'malire a Satemwa. Kutha kwa nkhalangoyi n'kutayika kwakukulu, kwa madzi, kwa nthaka ndi kwa zamoyo. N'kosavuta kuloza chala amene anakwera phiri ndi nkhwangwa. Koma chithunzi chomwecho chimene chikusonyeza phiri lometedwa chikusonyezanso, m'munsi mwake, nthaka yabwino yonse itadzala tiyi, ndipo woweruza mwachilungamo ayenera kuona ziwirizi pamodzi. Boma lenilenilo linavomereza kukula kwa vutoli pamene mu 2004 linayamba ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kupita ku maboma monga Machinga ndi Mangochi. Mu 2016 gulu la People's Land Organisation, lotsogoleredwa ndi Vincent Wandale, linayesa kulanda malo a esiteti ya Conforzi. Tiyi amapatsa dziko ndalama zakunja ndipo amalemba ntchito anthu masauzande ambiri, zimenezi n'zoona. N'zoonanso kuti nkhani imene inayamba ndi zikalata za Johnston sinathe.

Gawo la mbiri limene likusowa m'nyumba zosungira zakale lili m'midzi ndi m'makomboni a maesiteti: m'masutikesi a pansi pa bedi, pakati pa masamba a Baibulo, m'mafulemu opachikidwa pa khoma. Zithunzi zimenezi zili pa ngozi. Chinyezi cha chiperoni chimazimatiriza pamodzi, chiswe chimazidya, dzuwa limazifufuta, ndipo mwini wake akamwalira zimagawidwa kapena kutayidwa pamodzi ndi mapepala ena. Kuzisamala sikufuna ndalama zambiri. Chithunzi chisungidwe pouma, mu envelopu ya pepala, kutali ndi khoma lonyowa. Kuseri kwake kulembedwe ndi pensulo, chifukwa inki imalowerera, ndipo zolembazo zikhale dzina la munthu, mfunda wake, mudzi, mfumu, esiteti imene ankagwirako ntchito ndi chaka. Chijambulidwenso pa foni kuti chikhale ndi chinzake. Sukulu za m'bomali, ndiponso yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa ku Ndata mu 2014, zingathe kutsogolera ntchito yosonkhanitsa ndi kulemba zimenezi.

Eni maesiteti ndi mabanja a azungu amene ali ndi maalubamu akale ali ndi mbali yawo. Atulutse zithunzizo, zikuzidwe, zikaonetsedwe pa boma, pa Luchenza, pa Makwasa ndi pa Bvumbwe, kumene kuli anthu amene angazindikire kapitawo uja, mayi wa dengu uja ndi mwana waima kumapeto kwa mzere. Munthu amene anali ndi zaka 10 pa zipolowe za 1953 lero wapitirira zaka 80, ndipo ndi iye amene ayenera kuonetsedwa zithunzizi poyamba, chaka chino.